Nsomba za m'nyanja yamchere zimapita kuti mwera ukayamba?

Thandala_265:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Amene amatenga nsomba za m'nyanja yamchere ku Nacala ndi ku Pemba akudziwa kuti kuyambira Novembala mpaka Malichi pagombe pamakhala mitundumitundu: serra (kingfish), atum (tuna), garoupa (grouper), xaréu (trevally), lula (squid), osanena za tinsomba ting'onoting'ono touma. Ikangofika Juni ndi Julayi mitundu imachepa, mtengo n'kukwera, serra wa ndowa imodzi mpaka kumudikira sabata. Ogulitsa amangoti "nsomba zapita". Zapita kuti? Kumeneko kulibe chisanu choti nsomba n'kuthawa. Zimasamukadi, kapena ndi nzeru yokwezera mtengo?

Siginala:
Amene wapita ndi msodzi, osati nsomba.

Thandala_265:
Tamasulirani achimwene.

Siginala:
Gombe lonse kuyambira ku Kenya, Tanzania mpaka kumpoto kwa Mozambique limayendera mphepo ziwiri. Aswahili amati kaskazi ndi kusi. Kaskazi imachokera kumpoto chakum'mawa, kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi, ndipo nthawi zambiri nyanja imakhala yofatsa. Kusi imachokera kummwera chakum'mawa, kuyambira cha mu Epulo mpaka Seputembala kapena Okutobala, ndipo imalimba kwambiri mu Juni, Julayi ndi Ogasiti. Kusi ndi mwera wathu womwewu umene umakhazika anthu pagombe ku Mangochi ndi ku Nkhotakota, kungoti kumeneko mafunde ake amachokera kutali, alibe phiri lowatchinga.

Tsono taganizani bwato lokumba kapena ngalawa ya thanga. Nthawi ya kaskazi imadutsa mzere wa miyala ya korale n'kukafika kumadzi akuya kumene kumayenda atum ndi serra. Nthawi ya kusi palibe wamisala wodutsa pamene mafunde akusweka. Asodzi amatsalira mkati, kumadzi osaya, kutchera miono ndi kuwedza pafupi. Chimene chimafika pamsika ndi nsomba za malo amodzi okhawo. Mitundu ina ija ili m'madzi momwemo, palibe woyifikira.

Kamarau_wa_Chinde:
Mwanena zoona koma theka. Mukamati nsomba sizisintha mukunamiza anthu. Madzi a pamwamba amafika madigiri 29 kapena 30 cha mu Malichi, n'kutsika kufika cha pa 25 mu Ogasiti. Kwa ife kusiyana kumeneku n'kochepa, koma nsomba thupi lake limatsatira kutentha kwa madzi, ndiye kadyedwe, kakulidwe ndi nthawi yoikira mazira zimasintha. Mitundu yambiri ya m'miyala imaswana kwambiri nyengo yotentha, pamene nyanja yadekha ndipo mazira ndi tiana sizikokoledwa msanga ndi mkokomo wa madzi. Pa gombe la Tanzania ndi Kenya madzi amayenda cholowera kumpoto, ndipo nthawi ya kusi amathamanga kwambiri chifukwa mphepo ikuwakankha mbali yomweyo.

Siginala:
Sindinakane. Koma funso linali la pamsika.

Mphunzitsi_wa_Sayansi:
Nonse awiri mukugwira mbali imodzi ya khoka lomwelo. Pali zinthu zitatu zimene anthu amazisakaniza: nsomba zimene zili m'madzi, nsomba zimene chida chako chingagwire, ndi nsomba zimene zafika pamsika. Zitatuzi zimasintha ndi nyengo, koma osati mofanana. Nsomba za m'miyala ya korale, monga garoupa ndi zinzake, ndi eni mudzi, zimakhala pamalo pomwepo chaka chonse. Ukamira ndi galasi mu Januwale ndi mu Julayi pamwala umodzi, mitundu yambiri uipezanso, kusiyana kukhala kuchuluka kwa tiana. Zoyenda pamwamba, atum, serra, xaréu, zimatsata tinsomba ting'onoting'ono, ndipo izi ndiye zimabwera n'kupita. Malo amene amasinthiratu nkhope ndi pamene mitsinje imathira m'nyanja. Kumeneko mfumu si mphepo, ndi mvula.

NyaMatope:
Apo ndiye mwafika pakwathu pa nkhani. Zonse za kaskazi ndi kusi zimagwira bwino kumpoto. Mukatsika kufika ku Quelimane, Chinde ndi Beira, muli pa Banco de Sofala, nyanja yosaya, yamatope, imene pafupi ndi Beira imatambalala makilomita oposa 100 musanafike pakuya penipeni. Amene amalamulira kumeneko ndi Zambezi, Pungwe ndi Buzi. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita. Mitsinje ikasefukira pakati pa Januwale ndi Malichi, pafupi ndi mathiriro mchere umatsika kwambiri, madzi n'kuda ndi matope. Nsomba zosapirira madzi opanda mchere zimabwerera kunja. Zopirira zimadzaza malowo: magumba, ocar, corvina, peixe-fita, ndi milamba ya m'nyanja imene amati bagre. Chilimwe chikafika mitsinje n'kuphwa, madzi amchere amakwera mkati mwa mtsinje, ndipo nsomba za kunja zimalowa nawo. Ndiye pamalo amodzi omwewo mungapeze mitundu yambiri nthawi youma, koma kulemera kwa zogwidwa n'kukhala kwakukulu mvula ikangotha.

Ndipo a ku Malawi musamaone ngati nkhaniyi ndi ya kutali. Mvula yogwa ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Chikwawa imatsika ndi Ruo ndi Shire, kulowa mu Zambezi, n'kukathera pa Sofala pomwepo.

Kamarau_wa_Chinde:
Camarão, amene pa Chingerezi amati prawns, ndiye chitsanzo chooneka bwino. Wamkulu amaikira mazira kunja m'nyanja. Tiana timalowa ndi madzi odzaza kupita m'mitengo ya mangrove, yomera m'madzi amchere a pagombe, ndi m'timifuleni tamatope, timakulira mmenemo miyezi ingapo, kenako madzi osefukira amatitulutsa kubwerera kunja kumene zombo zimakoka. Chigumula chikakhala chabwino pa nthawi yake, camarão amatuluka wambiri. Damu la Kariba linatha mu 1959, la Cahora Bassa mu 1974, ndipo kuyambira pamenepo madzi a Zambezi amatulutsidwa motsata magetsi, osati motsata nyengo. Dzinja madzi amachepa kusiyana ndi kale, chilimwe amachuluka kusiyana ndi kale. Kalendala ya camarão inasokonekera pomwepo. Boma la Mozambique limatsekanso usodzi wa camarão, imene amati veda, kawirikawiri pakati pa Novembala ndi Malichi. Masiku enieni amalengeza chaka ndi chaka, ndiye wogula afunse asanatumize ndalama.

Ankolo_Kariakoo:
Pepani ndalowerera. Pemba wake uti? Mzinda wa ku Cabo Delgado kapena chilumba cha ku Zanzibar?

Thandala_265:
Wa ku Mozambique ankolo.

Ankolo_Kariakoo:
Chabwino, chifukwa mayina amasintha mukangodutsa mtsinje wa Ruvuma kulowa ku Tanzania. Pa Chiswahili serra ndi nguru, atum ndi jodari, xaréu ndi kolekole, lula ndi ngisi, polvo (octopus) ndi pweza. Shaki amati papa. Ndipo garoupa, gwirani mtima, pa Chiswahili ndi chewa.

Chilimira77:
Kkkkk ndiye ku Dar es Salaam amatidya ndi wali, mpunga wawo uja?

Ankolo_Kariakoo:
Ndipo mtengo wake ndi wokwera. Nsomba yakukamwa kwakukulu, yokhala phee m'phanga kudikira chakudya chidutse.

NyaMatope:
Musayambe, a Gule atimva.

Chilimira77:
Tibwerere. Pali chimene simunatchule, mwezi wakumwamba. Munthu akhoza kuganiza kuti nyengo yasintha pamene ndi mwezi chabe. Dagaa (tinsomba ting'onoting'ono ngati usipa) ndi vibua (mackerel) za ku Zanzibar, Tanga ndi Mafia amazigwira usiku ndi nyali, monga kauni wa usipa kwathu. Nyali imaitana tizilombo ta m'madzi, tinsomba timatsatira, ukonde n'kuzungulira. Mwezi ukawala nyali ilibe ntchito, ndiye masiku angapo ozungulira mwezi wathunthu dagaa amasowa ngakhale nyengo ili yabwino. Chachiwiri ndi kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja, chinthu chimene ku Nyanja ya Malawi kulibe. Kawiri pa tsiku madzi amabwera n'kubwerera, ndipo mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu amaphwa kwambiri, Aswahili amati bamvua. Ku Beira kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumapitirira mamita 6. Pweza, nkhono ndi nkhanu zambiri amatola amayi akuyenda pamiyala masiku a bamvua okha. Ukafika pamsika sabata yolakwika udzalumbira kuti pweza watha m'nyanja.

Mphunzitsi_wa_Sayansi:
N'chifukwa chake amene akufuna kudziwa zenizeni sawerengera pamsika. Kachitidwe kake ndi aka, ndipo gulu la asodzi kapena ana a sukulu angathe.

Sankhani malo atatu osasintha: pamathiriro a mtsinje, pa udzu wa m'nyanja, ndi pafupi ndi miyala. Khoka likhale limodzi lomwelo, maso ake omwewo, kutalika komweko, okoka chiwerengero chomwecho. Mwezi uliwonse pitani pa msinkhu womwewo wa mwezi wakumwamba ndi pa madzi omwewo, mwachitsanzo madzi akamayamba kuphwa m'mawa. Pamalo alionse kokani katatu, chifukwa kukoka kamodzi gulu limodzi la magumba likhoza kukunamizani. Musanakoke lembani kutentha kwa madzi, mchere wake pogwiritsa ntchito kachipangizo koyezera mchere kotchedwa refractometer, ndi kuda kwa madzi: mbale yoyera ya masentimita 20 kapena 30 yomangirira kuchingwe chokhala ndi mfundo, muitsitse mpaka isaoneke, mulembe kuya kwake. Kenako sankhulani nsomba mtundu ndi mtundu, werengani, yezani kulemera, ndipo zingapo za mtundu uliwonse muziyeze utali. Yosadziwika muijambule itagona pa rula, zipsepse zitatambasulidwa.

Powerengera muzisiyanitsa kuchuluka kwa mitundu ndi kugawana kwake. Tiyerekeze khoka loyamba latulutsa nsomba 1,000, mwa izo 950 ndi magumba, zotsalazo mitundu inayi. Lachiwiri latulutsa 200 zokha koma mitundu 20 yogawana bwino. Wamalonda asangalala ndi loyamba, koma la mitundumitundu ndi lachiwiri.

Zimene zimalakwika kawirikawiri: kusintha ukonde pakati pa chaka chifukwa woyamba wang'ambika, kudumpha miyezi ya mwera chifukwa nyanja yaipa kenako n'kulemba kuti kunalibe nsomba, ndi kutenga tiana ta mtundu umodzi ngati mtundu wina chifukwa mawanga ake ndi osiyana ndi a wamkulu. Ndipo chaka chimodzi sichikwana. Chikakhala chaka cha namondwe, mwalemba mbiri ya namondweyo, osati ya nyengo.

Siginala:
Aphunzitsi mwalemba silabasi yonse. Koma pa miyezi ya mwera mwavomereza mfundo yanga.

Mphunzitsi_wa_Sayansi:
Ndavomereza theka, monga anakuuzani akulu aja.

Mlonda_wa_Gombe:
Namondwe mwamutchula mongodutsa koma ndi gawo la kalendala. Nyengo yake kumeneko ndi Novembala mpaka Epulo, nthawi yomweyo imene a Siginala akuti nyanja imafatsa. Idai anagunda Beira mu Malichi 2019, Kenneth anagunda Cabo Delgado mwezi wotsatira, Freddy analowera ku Quelimane mu Malichi 2023 asanafike kwathu. Zikatero matope amakwirira udzu wa m'nyanja, mitengo ya mangrove imathyoka, mathiriro amasuntha, mabwato ndi maukonde zimapita. Nsomba zoyenda zimabwerera msanga, koma malo okulira tiana amatenga zaka. Kutentha kwa Malichi ndi Epulo kukapyola muyeso korale amayera n'kufa, monga zinachitikira mu 1998 m'gombe lonse la kum'mawa kwa Africa. Korale wa nthambi akafa n'kugumuka, tinsomba tobisala mmenemo timasowa pokhala, zodya ndere n'kuchuluka. Kumeneko si kusintha kwa nyengo kobwerera chaka chamawa ayi.

Chimene chimandinyansa ndi chicocota. Ndi msampha wa ukonde wothera ndi neti ya udzudzu, amautchera m'mathiriro ku Sofala madzi akamayenda. Ndi woletsedwa, koma ulipo. Umagwira tiana ta camarão, corvina ndi china chilichonse pa nthawi yeniyeni imene tikulowa kapena kutuluka m'mangrove. Kenako anthu n'kumati nyengo yasintha.

Chilimira77:
Neti ya udzudzu yomweyi yatha chambo kwathu. Matenda amodzi.

NyaMatope:
Amodzi inde, koma musaiwale kuti otchera ambiri ndi anthu opanda bwato, ndiwo za tsiku limenelo zili mu netimo. Kungowotcha maneti sikunathetse kanthu. Chimene chaonetsa zipatso ndi kutseka malo kwa kanthawi mogwirizana ndi mudzi. Zinayambira ku Andavadoaka, kummwera chakumadzulo kwa Madagascar, mu 2004, pa pweza, ndipo zafalikira ku Zanzibar, ku Kenya ndi kumpoto kwa Mozambique. Pweza amakula msanga kwambiri ndipo moyo wake ndi waufupi, chaka chimodzi kapena kupitirira pang'ono, ndiye mukatseka gawo la miyala miyezi iwiri kapena itatu, potsegula mumapeza akuluakulu. Koma musatengere njira imeneyi kwa garoupa. Iye amatenga zaka kuti akhwime, ndipo mitundu ina imasonkhana malo amodzi odziwika pa mwezi wake kukaikira mazira. Asodzi akapeza malowo amagwira zambiri masiku ochepa, msika n'kudzaza, anthu n'kumati "sizoni ya garoupa yafika". Zoona zake akukolola mbewu. Tasi (rabbitfish) wa ku gombe la kummwera kwa Kenya nayenso amasonkhana chimodzimodzi mwezi ukakhala wathunthu nyengo ya kaskazi.

Joni_Boy:
Nanga sardine run ya ku Durban ikulowa pati? Ija ndiye nsomba zimasamukadi.

Kamarau_wa_Chinde:
Ija ndi nkhani ina bwanawe. Ndi nsomba ya madzi ozizira ochokera ku Cape. Pakati pa Meyi ndi Julayi kamzere ka madzi ozizira kamatseguka m'mphepete mwa Eastern Cape mpaka KwaZulu-Natal, madzi akatsika pansi pa madigiri 21, ndipo zimakwera nako. Madzi akakhala ofunda chaka chimenecho sizioneka kugombe. Ku Nacala sizifika.

Ankolo_Kariakoo:
Ngati mukufuna wosamuka weniweni, ndi mkunga. Amakulira m'mitsinje ngati Shire ndi Zambezi zaka zambiri, akakhwima amatsika mpaka m'nyanja yamchere kukaswana kutali cha ku Madagascar, tiana n'kubwerera kukwera mitsinje. Shaki wina nayenso amakwera Zambezi, mpaka ku South Africa amangomutcha Zambezi shark.

Thandala_265:
Zikomo nonse. Ndiye kwa wogula, nzeru ndi yotani? Kugula zambiri nthawi ya kaskazi n'kusunga?

Mai_Ayezi:
Samalani pamenepo achimwene, chifukwa nthawi imene nsomba zachuluka ndi yomwenso kukutentha ndi kugwa mvula. Zowola zambiri zimachitika miyezi imeneyo.

Atum, serra ndi vibua ndi nsomba za nyama yofiirira. Zikakhala padzuwa maola angapo, tizilombo timapanga poizoni wotchedwa histamine. Nsomba imatha kuoneka bwino, osanunkha, koma wodya amafiira nkhope, kuyabwa, mutu ndi kutsegula m'mimba pasanathe ola. Kuphika, kuwamba kapena kuika mufiriji pambuyo pake sikumuchotsa. Mankhwala ake ndi ayezi kuyambira m'bwato: dulani makha kuti magazi atuluke, chotsani matumbo, tsukani ndi madzi oyera a m'nyanja, ndipo nyengo yotentha kilogalamu ya nsomba ipite ndi kilogalamu ya ayezi. Ayezi akhale woswa, pansi, pakati pa mizere, m'mimba mwa nsomba ndi pamwamba. Bokosi likhale ndi kabowo pansi, nsomba isagone m'madzi ake. Chibuluku chimodzi cha ayezi pakona sichiziziritsa kanthu.

Zoumitsa: nsomba yaikulu ing'ambeni kumsana, ichekeni mizere pamene nyama yakhuthala, mchere kilogalamu imodzi pa makilogalamu atatu a nsomba. Isanjeni khungu pansi, madzi azitsika, tsiku limodzi kapena awiri. Itsukeni pang'ono, muyanike pa thandala lokwera kufika m'chiuno kuti mphepo idutse pansi, osati pamchenga. Tsiku loyamba isapse ndi dzuwa la masana, chifukwa kunja kumauma n'kutseka madzi mkati, pakatha sabata imawola kuchokera pafupa. Mchere ukachepa ntchentche zimaikira mphutsi. Mukaona mawanga ofiira ndi kuterera, ndi tizilombo tobwera ndi mchere wakuda wa m'madambo pamene nsomba yatenga chinyezi. Zamafuta ngati magumba ndi vibua sizikhalitsa ngakhale mutaumitsa bwino, mafuta amasanduka achikasu n'kuyamba kuwawa pakhosi. Zimenezo ndi zogulitsa msanga. Zosunga mpaka Julayi sankhani za nyama yoyera ngati corvina ndi changu.

Ndipo asakunyengeni ndi mankhwala ophera tizilombo a m'munda kuti nsomba isafumbwe. Ndi kupha anthu kumeneko.

Mlonda_wa_Gombe:
Kuwonjezera pa za poizoni: nyengo yotentha ku Madagascar akuluakulu a zaumoyo amachenjeza za sardine zina, shaki ndi kamba wa m'nyanja, chifukwa cha ndere zapoizoni zimene zimachuluka madzi akafunda. Pa chilumba cha Pemba ku Zanzibar anthu anamwalira atadya kamba wa m'nyanja mu Novembala 2021 ndi mu Malichi 2024, ambiri a iwo ana. Kambayo ndi woletsedwa kale. Nsomba yofufuma ija, imene Aswahili amati bunju, ikapezeka m'thumba la zouma itayeni, ilibe nyengo yabwino.

Siginala:
Kwa a Thandala, kalendala yachidule. Serra, atum ndi xaréu za kumpoto muziyembekezera Novembala mpaka Malichi, ndipo masabata a bata pakati pa mphepo ziwirizi, cha mu Okutobala ndi cha kumapeto kwa Malichi, mabwato amatuluka pafupifupi tsiku lililonse. Juni mpaka Ogasiti musalonjeze kasitomala serra wa mabwato ang'onoang'ono, funsani amene ali ndi boti la injini. Camarão wa Sofala dikirani veda itsegulidwe. Dagaa itanitsani mwezi uli mumdima.

Mai_Ayezi:
Koma dagaa wa dzinja mumufunse anayanikidwa pati. Wapamchenga amalemera ndi mchengawo, mukulipira dothi pa sikelo. Tengani dzanja limodzi, mufikise pa pepala loyera muone chimene chigwe.

Thandala_265:
Nanga carapau amene amapezeka chaka chonse ku Tete ndi ku Nampula, iye alibe nyengo?

Kamarau_wa_Chinde:
Wa m'makatoni uja? Ambiri amachokera ku Namibia, nyanja ya Atlantic, atauma kale ndi firiji. Nyengo yake ndi tsiku limene kontena yafika.